Mafunso ndi mayankho: kasungidwe ka mapasiwedi a anthu mu app ya pafoni

Kuno ku Chipata achinyamata olemba ma app achuluka. Wina akukonzera gulu la village banking polembera zosonkha ndi ngongole, wina akukonzera wogulitsa mbewu ndi feteleza, wina sukulu imene ikufuna kuti makolo aziona zotsatira za mayeso pafoni. Onsewa amayamba ndi tsamba lofanana: nambala ya foni apa, pasiwedi apa, batani lolowera pansi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pa nkhani ya tsamba limeneli ndi zimene zimachitika kuseri kwake.

Pasiwedi ya munthu ndiisunge pati m'foni?

Musaisunge n'komwe. Kaya mu fayilo, kaya mu SQLite, kaya pena paliponse pamene mukuona ngati pabisika, ayi. App imafuna pasiwedi kwa kamphindi chabe: munthu wailemba, app yaitumiza ku seva (kompyuta yosunga ma akaunti) kudzera pa HTTPS, njira yobisa zotumizidwa pa intaneti, seva yatsimikiza kuti ndi yomweyo, nkhani yatha. Seva imabweza token, mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala umene umaimira kuti munthuyu walowa kale. Chotsala m'foni ndi token imeneyo basi.

Ena amati nanga phindu lake n'chiyani, poti token nayo ikabedwa wakubayo alowa? Token imagwira ntchito pa app yanu yokha, ili ndi nthawi yothera, ndipo foni ikatayika mumangoifafaniza pa seva. Pasiwedi siili choncho. Anthu ambiri ali ndi imodzi yokha, ya pa Facebook ndi yomweyo, ya imelo ndi yomweyo, ndipo manambala ake kawirikawiri ndi omwe aja a PIN ya mobile money. Ikatulukira mu app yanu, mayi wa m'gulu la chilimba uja alira pa zinthu zimene inu simukuzidziwa n'komwe.

Ambiri amapereka ma token awiri: ya nthawi yochepa yotumizira pempho lililonse, ndi ina yokhalitsa yotengera yatsopano yoyambayo ikatha. Kabokosi ka "ndikumbukire" kaziyendera yachiwiriyi.

Nanga token yo ikhale pati?

Pa iPhone ikhale mu Keychain, mosungira zinsinsi mwa foniyo, ndipo musankhe kSecAttrAccessibleWhenUnlockedThisDeviceOnly kuti isasamukire ku foni ina pamodzi ndi backup. Dziwaninso kuti za mu Keychain zimatsala ngakhale munthu atachotsa app, choncho app ikatsegulidwa koyamba izifafaniza zakale.

Pa Android, kumene kuli anthu athu ambiri ndi ma Tecno, itel ndi Infinix awo, pali Android Keystore, imene inabwera ndi Android 4.3 mu 2013. Keystore imasunga makiyi, osati mawu. Mumaiuza kuti ipange kiyi ya AES (njira yotsekera deta ndi kiyi), mumatsekera token ndi kiyiyo, kenako zotsekedwazo mumaziika mu fayilo wamba. Pa mafoni ambiri kiyiyo imakhala m'chigawo chapadera cha purosesa ndipo situlukamo; app imangopempha kuti "nditsekulire ichi". Kuyambira Android 9 mafoni ena ali ndi StrongBox, kachipangizo kapadera ka ntchito imeneyi, koma musadalire kuti foni yotchipa ili nako.

Olemba ndi Flutter ali ndi flutter_secure_storage, a React Native ali ndi react-native-keychain kapena expo-secure-store. AsyncStorage sibisa kanthu.

Koma SharedPreferences, mosungira tinthu ta app pa Android, si ya app yanga yokha? Ma app ena angaione bwanji?

Zoona, pa foni yosasokonezedwa app ina singailowe. Koma taonani chimene chili mkatimo. Ndi fayilo ya XML mu foda ya shared_prefs, ndipo mukaitsegula mupeza mzere wonga uwu: `<string name="password">mwanawanga2019</string>`. Aliyense wodziwa kuwerenga wawerenga.

Ndiye funso ndi lakuti ndani angafike pa fayiloyo. Foni imene inachitidwa root, kutanthauza kuchotsedwa maloko ake a mkati, mpanda uja kulibe. Foni ikasweka galasi imakagona kwa wokonza mafoni ku Kapata, mwiniwake atatchula kale nambala yotsegulira kuti wokonzayo ayese ngati ikugwira. Ambiri mwa okonzawa ndi anthu okhulupirika, koma chitetezo cha app sichingatsamire pa zimenezo. Mafoni amagulitsidwa, amapinyolitsidwa, amapatsidwa kwa mphwake asanafafanizidwe. Palinso backup: kuyambira Android 6.0 mafayilo a app amakwera okha ku Google Drive ya mwini foni pokhapokha mutaletsa mu manifest kapena mutapatula mafayilo ena.

Base64 nayo si chitetezo, ndi kalembedwe chabe. Ndipo kiyi imene mwailemba mu code ya app si chinsinsi: pulogalamu yaulere ngati jadx imatsegula APK, fayilo ya app ya Android, n'kuonetsa zonse.

Pa seva ndiye ndisunge chiyani kuti ndizidziwa kuti pasiwedi ndi yolondola?

Musunge hash yake. Hash ndi masamu oyenda mbali imodzi: mukaikamo pasiwedi mumatuluka mndandanda wa zilembo, pasiwedi yomweyo imatulutsa mndandanda womwewo nthawi zonse, koma kuchokera pa mndandandawo simungabwerere ku pasiwedi. Zili ngati nshawa zikasinjidwa: nsinjiro mwaiona, koma palibe angaibweze kukhala nshawa. Munthu akamalowa, seva imasinja chimene walembacho n'kuyerekeza ndi chimene inasunga.

Tanthauzo lake n'lakuti inuyo eni app simudziwa pasiwedi ya aliyense, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chitsanzo chimene aliyense pa ntchitoyi amachidziwa ndi cha RockYou. Mu 2009 kampaniyo inabedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni amene inkasunga osabisa. Mndandanda umenewo mpaka lero ndi umene akuba amayambira poyesa mapasiwedi a anthu ena.

Ndinaphunzira ma hash a MD5 ndi SHA-256. Zalakwa chiyani?

Zimathamanga kwambiri. Zinapangidwira kutsimikiza mafayilo mofulumira, ndipo kufulumirako ndi kumene wakuba amafuna. Iye akaba database sayesa kubweza hash. Amangoyesa mapasiwedi ambirimbiri, kuwasinja, n'kuona amene akufanana. Khadi imodzi ya GPU ya masiku ano, yonga imene anyamata amaseweretsa magemu, imayesa MD5 mabiliyoni ambiri pa sekondi imodzi.

Tiyerekeze ndi za kwathu kuno. Anthu ambiri amaika nambala yawo ya foni ngati pasiwedi. Nambala ya Zambia ili ndi manambala 10, atatu oyamba ndi odziwika, monga 097, 096 kapena 095. Otsala ndi 7, kutanthauza njira 10 miliyoni pa chiyambi chilichonse. Ndi MD5 zonsezo zimatha sekondi isanakwane. Nambala ya NRC, chaka chobadwa, dzina la mwana ndi chaka chake, zonsezi n'chimodzimodzi.

LinkedIn inagwa ndi zimenezi mu 2012. Inkagwiritsa ntchito SHA-1 yopanda salt, ma hash pafupifupi 6.5 miliyoni anaikidwa poyera, ndipo ambiri anaswedwa m'masiku ochepa. Mu 2016 zinadziwika kuti obedwa anali oposa 100 miliyoni.

Salt ndi chiyani, ndipo ndiibise kuti?

Ndi manambala achisawawa amene amaphatikizidwa ku pasiwedi isanasinjidwe, munthu aliyense yakeyake. Popanda salt, anthu awiri a pasiwedi yofanana amakhala ndi hash yofanana, ndiye wakuba akaswa mmodzi waswa onse. Ndi salt amayenera kulimbana ndi aliyense payekha. Siifuna kubisa, imakhala pambali pa hash mu database momwemo.

Simufunikanso kuipanga nokha. Taonani chimene bcrypt imatulutsa: zilembo 60 zoyamba ndi `$2b$12$`. Apa 2b ndi mtundu wa bcrypt, 12 ndi kulemera kwa ntchito, zilembo 22 zotsatira ndi salt, 31 zomaliza ndi hash. Zonse zili mu mzere umodzi, mumangousunga mu column imodzi.

Pali chinanso chotchedwa pepper, kiyi imodzi yachinsinsi imene imakhala kunja kwa database. Imathandiza database yokha ikabedwa. Ikhale pa seva, isalowe mu app kapena pa GitHub.

Bwanji osangochita encrypt ndi AES?

Chifukwa chotsekedwa ndi kiyi chimatsegukanso ndi kiyi, ndipo kiyiyo iyenera kukhala pafupi ndi seva. Wolowa pa seva watenga zonse ziwiri. Adobe mu 2013 inabedwa ma akaunti pafupifupi 150 miliyoni amene mapasiwedi ake anali otsekedwa ndi 3DES m'njira yakuti ofanana ankaoneka ofanana, ndipo mawu okumbutsira pasiwedi anali pambali osabisa. Anthu anangolumikiza ziwirizo.

Ndisankhe iti: bcrypt, scrypt, Argon2 kapena PBKDF2?

Zonse zinayi zinapangidwa kuti zizichedwa dala. Ngati mukuyamba kumene, tengani Argon2id. Argon2 inapambana mpikisano wa Password Hashing Competition mu 2015, ndipo mphamvu yake ndi yakuti imadya memory yambiri, chinthu chimene chimalepheretsa GPU kuyesa zambiri nthawi imodzi. OWASP, bungwe lopereka malangizo a chitetezo cha mapulogalamu, imati poyambira pakhale memory ya 19 MiB, maulendo 2, parallelism 1. Scrypt ya Colin Percival, ya 2009, imayendera nzeru yomweyo.

Bcrypt ndi yakale, Niels Provos ndi David Mazières anaitulutsa mu 1999, koma ikugwirabe ntchito bwino ndipo imapezeka paliponse. Nambala ija ya kulemera isatsike pa 10, ndipo mukawonjezera 1 nthawi imawirikiza kawiri. Pa 12, GPU imene imayesa MD5 mabiliyoni imatsika kufika pa zikwi zochepa pa sekondi. Chenjezo lake ndi limodzi: imawerenga ma byte 72 oyamba okha. PBKDF2 ndi ya amene malamulo a ntchito yawo amawakakamiza. Ndi HMAC-SHA256 OWASP imati maulendo 600,000.

Kunena zoona, kusankha pakati pa bcrypt ndi Argon2id si pamene anthu amagwera. Amagwera polemba zawozawo. PHP ili ndi password_hash ndi password_verify kuyambira 5.5, Laravel imayamba ndi bcrypt, Django imayamba ndi PBKDF2 ndipo imalola Argon2. Gwiritsani ntchito zimenezo. Yesani pa seva yanu yeniyeni, makamaka ngati ndi hosting yotchipa, n'kukweza nambala mpaka kulowa kumodzi kuzitenga kachigawo ka sekondi kamene munthu sakadandaula.

Ndingapange hash m'foni kenako n'kutumiza hash yo?

Mukatero hash yo ndiyo yasanduka pasiwedi: woba database amangoitumiza mmene ilili n'kulowa. Kusinja kuchitike pa seva. Panjira pamateteza ndi TLS, chitetezo cha mu HTTPS ija. Ma app olunjika Android 9 kupita m'tsogolo amakana HTTP wamba pokhapokha mutailola nokha, ndipo iOS inayamba zimenezi ndi iOS 9. Musatsegule chilolezocho, ndipo code ija yovomera satifiketi iliyonse imene munaika poyesa pa laputopu muichotse app isanatuluke.

Ogwiritsa ntchito app yanga amakhala kumene netiweki kulibe. Alowa bwanji?

Ili ndiye funso lenileni la kuno, ndipo mabuku ambiri a kunja amalidumpha. Mlangizi wolemba alimi a soya kapena thonje m'midzi ya Vubwi, Chadiza kapena kupitirira Lundazi amatha tsiku lonse foni isanagwire. Apa ndi pamene olemba ma app amagonja n'kusunga pasiwedi m'foni kuti aziyerekeza pomwepo.

Njira yabwino ndi yolekanitsa zinthu ziwiri. Kulowa koyamba kuchitike pa intaneti, munthu ali pa boma. Seva ipereke token ndi deta yokhayo imene iye akufunika, alimi a dera lake, osati a chigawo chonse. Detayo ikhale mu database yotsekedwa, monga ndi SQLCipher, ndipo kiyi yake itetezedwe ndi Keystore. Kumudziko munthu salowanso mu akaunti, amangotsegula zimene zili m'foni mwake. Popanga kiyi mu Keystore mutha kulamula ndi setUserAuthenticationRequired kuti isagwire ntchito mpaka munthu atatsegula ndi chala kapena ndi loko ya foni. Ubwino wake, kuwerenga maulendo olakwitsa kumachitika ndi foni yeniyeniyo, osati ndi code yanu.

Ngati mwasankha PIN ya app yanu, werengani kaye. PIN ya manambala 4 ili ndi njira 10,000 zokha. Ngakhale hash yanu itamatenga sekondi yathunthu, wokopera fayilo amaliza zonse maola atatu asanakwane. Ndiye hash ya PIN payokha siteteza kanthu. PIN iphatikizidwe ndi kiyi ya mu Keystore imene singakopedwe, app ichedwetse munthu akalakwitsa kangapo, ndipo akapitirira malire ifafanize kiyi n'kufuna kulowa kwa pa intaneti. Muganizire bwino za deta imene sinatumizidwe musanasankhe kufafaniza, chifukwa ntchito ya sabata yonse ya mlangizi ingapite pamenepo. Ikaninso malire a masiku amene app ingagwire osalankhula ndi seva.

Za chala pali ziwiri. Zala za munthu wogwira khasu tsiku ndi tsiku nthawi zina siziwerengeka, ndiye pakhale njira ina. Chachiwiri, foni imodzi pakhomo imagwiridwa ndi bambo, mayi ndi ana, ndipo BiometricPrompt, chida cha Android chofunsira chala, siuza app kuti chala ndi cha ndani. Chilichonse cholembetsedwa pa foniyo chimatsegula. Pa app ya ndalama za gulu, lamulani kuti kiyi ife chala chatsopano chikalembetsedwa.

Ndikakamize anthu kuika chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro?

Ayi. NIST, bungwe la miyezo la boma la America, inasiya kulimbikitsa zimenezi mu SP 800-63B ya 2017, pamodzi ndi chizolowezi chokakamiza kusintha pasiwedi miyezi ingapo iliyonse. Malamulo otere amabala Chipata2024! imene chaka chotsatira imakhala Chipata2025! ndipo pa kiyibodi yaing'ono ya foni amangotopetsa anthu mpaka kulemba pasiwedi pachikuto cha buku la gulu.

Chofunika ndi kutalika. Zilembo 8 zikhale pansi penipeni, kuposapo ndi bwino, ndipo mulole mpaka 64, mipata ndi kumata zololedwa. Mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, monga mbuzi sopo njinga mvula, ndi osavuta kukumbuka ndipo ndi aatali. Mwambi wodziwika kapena vesi la m'Baibulo si zabwino kwenikweni chifukwa wina angazilote. Kanani mapasiwedi amene anabedwapo kale: Pwned Passwords ya Troy Hunt imalola kufufuza potumiza zilembo 5 zoyamba za SHA-1 yokha, pasiwedi osachoka pa seva yanu. Onjezani mndandanda wanu wa za kuno, mayina a matauni, a matimu a mpira, nambala ya foni ya munthu yemweyo. Ndipo seva izichedwetsa wolakwitsa mobwerezabwereza.

Munthu akaiwala pasiwedi, admin amuuze?

Ngati admin angathe kuiona, ndiye kuti mwasunga molakwika. Woiwala amapatsidwa njira yoikira yatsopano: link kapena nambala yogwira kamodzi, yotha pakapita mphindi zochepa, yoyesedwa maulendo owerengeka. Akasintha, ma token onse akale afe. Msungichuma wa gulu asamatumize mapasiwedi pa WhatsApp.

Kuno anthu ambiri alibe imelo imene amaitsegula, ndiye SMS ndi imene ilipo. Igwiritseni ntchito mukudziwa kufooka kwake. SIM imabedwa kapena kusinthidwa mwachinyengo, nambala imene yakhala nthawi yaitali osagwira imaperekedwa kwa munthu wina, ndipo achinyengo oimba foni kunamizira kuti ndi a kampani amapempha nambala yomwe ija. Mu uthengamo lembani m'Chinyanja chomveka kuti nambalayi musauze aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa ku ofesi. Pa ndalama zambiri, SMS yokha isakwanire.

Mafunso achinsinsi asiyeni. "Dzina la amayi anu asanakwatiwe" kuno mayankho ake ndi Phiri, Banda, Tembo, Mwale, Zulu, ndipo mudzi wonse ukulidziwa.

Database yanga ili bwino. Pasiwedi ingatulukirenso pati?

M'ma log, mafayilo amene pulogalamu imalembamo zimene ikuchita. Mzere umodzi wosindikiza pempho lonse poyesa, woiwalika, ndi wokwanira. Twitter mu 2018 inapempha anthu ake onse kusintha mapasiwedi itapeza kuti ankalembedwa mu log asanasinjidwe. Facebook inavomera zofanana mu 2019, za anthu mamiliyoni mazanamazana, ndipo mu 2024 bungwe loteteza deta la ku Ireland linalipiritsa Meta, mwini wa Facebook, ma euro 91 miliyoni. Mu 2014 app ya Starbucks ya pa iPhone inapezeka ikusiya mapasiwedi osabisa mu fayilo ya log m'foni momwemo.

Onani Logcat, log ya Android, onani zimene zimapita ku mapulogalamu olandira malipoti a kugwa kwa app, ndipo pasiwedi isalowe mu URL. Bokosi lolembamo likhale la mtundu wa pasiwedi kuti kiyibodi isaloweze mawuwo. Pa Android, FLAG_SECURE imaletsa kujambula tsambalo.

Ndili kale ndi anthu pa MD5. Ndiwauze onse asinthe?

Sikofunika. Lero lomwe dutsitsani hash iliyonse yakale mu bcrypt kapena Argon2id, muike chizindikiro kuti iyi ndi yokutidwa, n'kufafaniza zakalezo, kuphatikizapo za m'ma backup. Munthu akadzalowa bwino, pasiwedi ili m'manja mwa seva kamphindi kaja, pangani hash yatsopano mwachindunji n'kuchotsa chizindikirocho. Ngati munkasunga osabisa n'komwe, sinjani zonse lero, ndipo popeza simudziwa amene anaziona, apa pokha apempheni asinthe.

Kodi si bwino kungosiyira ena ntchito yonseyi?

Kwa munthu mmodzi kapena awiri olemba app, kawirikawiri inde. Firebase Authentication imagwiritsa ntchito scrypt yosinthidwa pang'ono, Supabase bcrypt, ndipo Keycloak mutha kuiika pa seva yanu. Mukalola kulowa ndi Google, tsamba lolowera litseguke mu browser ya foni pogwiritsa ntchito PKCE (njira yoteteza kuti app ina isalande chilolezo cholowera), osati mu WebView ya app yanu. Palinso ma passkey, amene Apple, Google ndi Microsoft analengeza pamodzi mu 2022: foni imasunga kiyi yachinsinsi, seva imasunga inzake yapoyera, ndiye pa seva palibe chobedwa chimene chingalowetse munthu. Pa Android amafuna 9 kupita m'tsogolo ndi loko ya foni. Kwa anthu osinthasintha mafoni ndi oiwala akaunti ya Google imene anawatsegulira wogulitsa foni, aikeni ngati njira yowonjezera.

Lamulo la Zambia likuti chiyani, ndipo zikabedwa ndichite chiyani?

Data Protection Act No. 3 ya 2021 imafuna kuti wosunga deta ya anthu alembetse ku ofesi ya Data Protection Commissioner ndi kuika chitetezo choyenera. Imakambanso za kusunga deta pa seva za m'dziko muno, choncho musanasankhe kampani ya kunja, makamaka ngati mukusunga ma NRC kapena za umoyo, kaonaneni ndi loya. App yoyendetsa ndalama za anthu ilinso ndi malamulo a Bank of Zambia.

Deta ikabedwa, lamuloli limapereka maola 24 odziwitsira Commissioner, ndipo eni deta nawo ayenera kuuzidwa mwamsanga. Tsekani kaye polowera wakubayo, musunge ma log osafafaniza chifukwa ofufuza adzawafuna. Iphani ma token onse, sinthani makiyi a seva ndi pepper, ndipo aliyense aike pasiwedi yatsopano polowa. Uthenga wopita kwa anthu unene chimene chinatengedwa, tsiku lake, ndi kuti amene anaika pasiwedi yomweyo pa Facebook, pa imelo kapena manambala omwewo pa mobile money akasinthe kumenekonso. Kwa magulu a kumidzi SMS siikwana. Uzani atcheyamani ndi alembi kuti akanene pa msonkhano wotsatira.